Maso akaleka kumvera mwini wake: kuwaphunzitsanso ubongo ukavulala

Mnyamata wa kabaza akagwa panjinga yamoto n'kumenyetsa mutu pa tala, achibale kuchipatala amayang'anira zooneka: bala la pamphumi, mwendo wothyoka, ngati akuzindikira anthu. Zimenezi zikapola amatuluka, aliyense n'kuthokoza kuti wapulumuka. Pakapita masabata angapo ndi pomwe amayamba kudandaula zina zovuta kuzifotokoza. Akatsegula uthenga pafoni, mizere iwiri yokha mutu wayamba kale kuwawa, malemba akukwerana. Pothira tiyi akuphonya kapu. Mumsika, anthu ali piringupiringu, iye akumva ngati nthaka ikuyenda. Akapita koyezetsa maso amamuimika patsogolo pa tchati cha zilembo, amawerenga mpaka mzere wapansi osalakwitsa, n'kuuzidwa kuti maso ake ali bwinobwino. Kunyumba ena amayamba kunong'ona kuti ndi ulesi, ena akuti pali dzanja la munthu.

Woyeza uja sananame. Tchati chimayeza kuthwa kwa diso lomwe laima phee likuyang'ana malo amodzi. Chomwe chasokonekera mwa mnyamatayu ndi kayendetsedwe ka maso, ndipo woyendetsa maso ndi ubongo. Njinga itha kukhala ndi matayala atsopano koma handulo itakhota.

Tambasulani dzanja, muyang'ane chikhadabo cha chala chanu chachikulu. Kamalo komwe chikhadabocho chaphimba, pafupifupi madigiri 2, ndi kokhako komwe diso limaona mwakuthwa panthawi imodzi. Zozungulira zonse zimaoneka mwachimbuuzi, kungoti sitizindikira chifukwa maso sakhazikika: amadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, kutola apa, kutola apo, ubongo n'kumasoka zidutswazo kukhala chithunzi chimodzi. Kudumphaku madokotala amakutcha saccade, mawu a Chifalansa omwe anatchuka ndi dokotala wa maso wa ku Paris, Émile Javal, pomwe ankafotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 kuti munthu powerenga maso ake satsetsereka pamzere koma amalumphalumpha. Mukafuna kudziyesa, imani pagalasi lodziyang'anira, muyang'ane diso lanu lakumanja kenako lakumanzere. Simudzawaona maso anu akuyenda ngakhale kamodzi, pomwe mnzanu woima pambali akuwaona bwinobwino. Ubongo umadzibisira kamphindi kodumphako.

Kupatula kudumpha, maso amatsatira chinthu choyenda, monga mpira uli m'malere. Amapendekera mkati onse awiri chinthu chikayandikira mphuno, monga polowetsa ulusi pa singano. Ndipo mutu ukagwedezeka, amabwerera mbali ina ndi mlingo womwewo, n'chifukwa chake mumatha kuwerenga chikwangwani muli m'minibasi yomwe ikudumpha m'maenje. Diso lililonse limakokedwa ndi minofu 6, ndipo minofuyi imalamulidwa ndi mitsempha itatu yochokera m'tsinde la ubongo, yomwe madokotala amangoitchula ndi manambala: wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi. Malamulo opita kumitsemphayi amachokera kutsogolo kwa ubongo, m'mbali, kunkhongo ndi m'kati mwa khutu. Mawaya atayalidwa chonchi nyumba yonse, n'kovuta kuti moto ugwire chipinda chimodzi osakhudzako ngakhale limodzi. N'chifukwa chake sitiroko, ngozi, chotupa cha mu ubongo, matenda oumitsa khosi ngakhalenso malungo ogwira ubongo zimasiya vuto la maso pafupipafupi.

Kuchuluka kwake kunaoneka bwino pa kafukufuku yemwe anatsogolera Fiona Rowe wa pa University of Liverpool, wofalitsidwa mu 2019. Gulu lake linayeza maso a anthu 1,033 omwe anapulumuka sitiroko. Mwa anthu 100 alionse, 73 anali ndi vuto lina lake la kaonedwe, 40 anali ndi vuto la kayendedwe ka maso, 28 anataya mbali ina ya zomwe amaona, ndipo 27 sankalabadira mbali imodzi. Ena anali ndi mavuto angapo nthawi imodzi. Apa ndiye pagona nkhani: mavutowa ndi osiyana, ndipo chomwe chimathandiza lina chimangotayitsa nthawi pa linzake.

Kuona ziwiriziwiri

Mtsempha umodzi mwa itatu ija ukafooka, maso saloza pamodzi ndipo munthu amaona zinthu ziwiriziwiri. Ukakhala wachisanu ndi chimodzi, diso limakanika kutembenukira kunja, zithunzi zimaima moyandikana, makamaka poyang'ana kutali. Wachinayi ndi wowonda kuposa yonse ndipo umayenda mtunda wautali m'chigaza, motero ndi womwe umavulala kawirikawiri pangozi. Mwini wake amaona chithunzi china pamwamba china pansi, zimanyanya potsika masitepe kapena powerenga, ndipo mudzamuona atapendeketsa mutu kuphewa limodzi osadziwa kuti akutero. Wachitatu ukafooka chikope chimagwa, diso n'kupotokera kunja ndi pansi. Izi zikachitika mwadzidzidzi, mwanadiso n'kukula, mutu n'kumawawa, si za mafizo ayi: pakhoza kukhala mtsempha wa magazi wotupa womwe ukufinya, ndipo munthu ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtsempha wofooka sungadzutsidwe ndi masewera a maso, ngakhale munthu atazunguza maso tsiku lonse. Chomwe chimachitika ndi kumuthandiza kuti akhale bwino pomwe ukupola wokha. Njira yapafupi ndi kutseka diso limodzi, kaya ndi kachigamba kaya ndi tepi yoyererako yomatidwa pa galasi limodzi la magalasi ovala. Anthu amaopa kuti diso lotsekedwalo lidzafa ulesi, koma zimenezo zimachitika kwa ana aang'ono omwe maso awo akukula, osati kwa wamkulu. Choyenera kusamala n'chakuti diso limodzi silipima bwino mtunda, ndiye pamoto ndi pamasitepe mpofunika kudekha. Njira ina ndi kapulasitiki kopyapyala ka mizeremizere kotchedwa Fresnel prism, komwe amakadula ndi sizasi n'kukamata ndi madzi pa galasi. Kamakhotetsa kuwala kuti zithunzi ziwiri zija zikumane. Mtsempha ukafooka chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, nthawi zambiri umabwerera m'miyezi itatu. Wa ngozi umachedwerapo, ndipo madokotala sathamangira opaleshoni yosuntha minofu mpaka patapita miyezi 6 kapena kuposa, ataona kuti kupotokako kwasiya kusintha.

Chingwe ndi mikanda itatu

Mnyamata wathu wa kabaza uja mwina vuto lake si limeneli. Anthu ambiri omwe ubongo wawo unangogwedezeka, sikani n'kusaonetsa kanthu, amavutika ndi kupendeketsa maso mkati poyang'ana pafupi. Munthu wabwinobwino mukamuyandikizira cholembera amachiona chimodzi mpaka chitatsala masentimita osakwana 10 kufika pamphuno. Wovulalayu chimagawika pawiri chikadali patali, kapena diso limodzi limangothawira kunja. Apa ndi pomwe kuphunzitsa maso kuli ndi malo ake enieni.

Chida chodziwika kwambiri ndi chotchipa mochititsa manyazi. Anachiyambitsa ndi katswiri wa magalasi Frederick Brock, ndipo ndi chingwe choyera chokhala ndi mikanda itatu ya mitundu yosiyana. Nsonga imodzi amaimanga ku chogwirira cha chitseko, inayo wodwala amaigwira pansonga ya mphuno, chingwe chili chokungika. Akayang'ana mkanda wapakati, ayenera kuona mkanda umodzi ndi zingwe ziwiri zopingasana ndendende pamkandapo, ngati chilembo cha X. Zingwe ziwirizo si vuto, ndi umboni woti maso onse ali pantchito. Chimodzi chikazimiririka ndiye kuti ubongo wathimitsa diso limodzi kuti upumule. Mphambano ikagwera kuseri kwa mkanda ndiye kuti maso sakupendekera mokwanira. Ubwino wa chingwechi ndi umenewu: munthu amadzionera yekha cholakwikacho, chinthu chomwe mwa njira ina sangachimve m'thupi. Amasamuka kuchoka mkanda wakutali kubwera wapafupi, kubwereranso, ndipo masiku akamapita mkanda wapafupiwo amausendezera kumphuno pang'onopang'ono. Mphindi zochepa kangapo patsiku zimaposa ola lathunthu kamodzi, chifukwa ubongo wovulala umatopa msanga, ndipo mutu ukayamba kugunda palibe chomwe ukuphunziranso.

Kenneth Ciuffreda ndi Preethi Thiagarajan a pa SUNY College of Optometry ku New York anayesa maphunziro otere pa anthu ovulala ubongo pang'ono, kawiri pa sabata kwa masabata 6, maola 9 onse pamodzi. Anapeza kuti maso ankagwirizana bwinoko ndipo kuwerenga kunafulumira, pomwe masewera onamizira omwe anawapatsa pongofuna kufananiza sanasinthe kanthu. Zotsatira zake n'zolimbikitsa, koma anthuwo analipo 12 okha.

Theka la dziko likasowa

Vuto lomwe lafufuzidwa kwambiri ndi lomwe amati hemianopia. Zonse zomwe zili kumanzere kwathu zimaonedwa ndi mbali yakumanja ya ubongo, kunkhongo, ndipo zakumanja zimapita kumanzere. Sitiroko ikagunda mbali imodzi kumeneko, maso onse awiri amataya theka lomwelo. Wodwala amati “diso lakumanzereli lafa”, koma mukamutseka diso lililonse palokha mudzapeza kuti onse akusowa mbali yakumanzere. Sakuona mdima kumbaliko, monga inunso simuona mdima kumbuyo kwa mutu wanu. Kulibe kanthu basi. Amagunda phewa pa felemu ya chitseko, amadzidzimuka munthu akangotulukira pamphuno pake.

Mapu a mbali imeneyi ya ubongo anajambulidwa ndi zipolopolo. Dokotala wa ku Japan, Tatsuji Inouye, anayeza asilikali owomberedwa m'mutu pankhondo ya Japan ndi Russia ya 1904 mpaka 1905, n'kufananiza pomwe chipolopolo chinadutsa ndi mbali yomwe aliyense anasiya kuona. Gordon Holmes anachita zofanana ndi asilikali a Britain pankhondo yoyamba yapadziko lonse. Ku Germany, Walther Poppelreuter anali atayamba kale pofika 1917 kuphunzitsa asilikali otere kuwerenganso. Patapita zaka zambiri Josef Zihl wa ku Munich anajambula kayendedwe ka maso a odwalawa n'kuona chomwe chimawachedwetsa: akafuna chinthu cha kumbali yosowayo, maso awo amapita ndi timadumpho ting'onoting'ono tambirimbiri, ngati munthu wopapasa mumdima, n'kumabwereza malo omwe ayang'ana kale.

Mbali yotayikayo imabwererako yokha kwa ena m'masabata ndi miyezi yoyambirira, koma ikadutsa miyezi 6 kawirikawiri imakhala pomwepo. Maphunziro ake sabwezeretsa theka losowalo. Amaphunzitsa munthu kuponya maso ndi dumpho limodzi lalikulu kumbali yakufayo, kenako kusesa mwadongosolo pobwerera, mpaka chizolowezicho chikhazikike. Kuchipatala amachita pakompyuta: kufunafuna chilembo chimodzi pakati pa zinzake zambiri, nthawi ikuwerengedwa. Pakhomo mfundo yake ndi yomweyo. Mwazani zitsekerero za mabotolo pamphasa, wodwala akhale pakati, atole zofiira zokhazokha, poyamba mutu uli chilili kuti maso agwire ntchito okha. Zikayamba kuphweka amatuluka nazo: m'khonde, pabwalo, kenako mumsika ali ndi womuperekeza, kutchula zomwe zili pabenchi lililonse la kumbali yovutayo.

Kuwerenga kuli ndi vuto lakelake. Ife owerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja timadalira kusuzumira kutsogolo: diso likaima, limatolako zilembo pafupifupi 15 kumanja koma zitatu kapena zinayi zokha kumanzere. Wotaya mbali yakumanja ndiye amavutika kwambiri, chifukwa sadziwa komwe mawu akuthera. Chichewa chathu pamenepa sichimvera chisoni, poti timalumikiza zambiri m'mawu amodzi: munthu amaona “tikadza” n'kumalota zotsalazo, pomwe palembedwa “tikadzakumananso”. Wotaya kumanzere amasochera pofuna chiyambi cha mzere wotsatira, ndipo amadula mitu ya mawu. Tangoganizani uthenga woti “sindidzabwera” utadulidwa zilembo ziwiri zoyambazo. Kwa uyu, chala kapena rula yoikidwa m'mphepete mwa tsamba imathandiza tsiku lomwelo. Kwa wakumanja, gulu la Alex Leff pa University College London linapanga pulogalamu yotchedwa Read-Right n'kuiika pa intaneti kwaulere: malemba amayenda okha kuchokera kumanja kupita kumanzere, maso n'kumakakamizika kuwatsatira ndi kudumphira kumanja. Ofufuza apezanso kuti luso limeneli silisamuka lokha. Wophunzira kuwerenga sakhala katswiri wofunafuna zinthu m'chipinda, ndipo wophunzira kufunafuna sawerenga mofulumira. Chilichonse chimafuna maphunziro akeake.

Magalasi aliponso. Mu 2000, Eli Peli wa ku Boston anafotokoza njira yomata timizere ta prism pamwamba ndi pansi pa galasi la kumbali yosowa, kuti chinthu chobwera kumbaliko chizionekera m'mphepete ngati chenjezo, pafupifupi madigiri 20 owonjezera. Ena amawakonda. Koma atawayesa ku Britain pa odwala sitiroko, oposa theka la owavala anadandaula, ambiri za mutu.

Nanga zobwezeretsa kuona komwe kunatayika? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku Magdeburg ku Germany anati kuyang'ana timagetsi tothwanima pakompyuta tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 kumakankha malire a mbali yakufayo. Odwala analipira ndalama zambiri. Mu 2005 ofufuza a ku Tübingen anayeza ndi makina oona ndendende pomwe diso laloza, ndipo malirewo anapezeka osasuntha kwenikweni. Kukayikira kunali koti odwala ankaba timadumpho ta maso poyezedwa. Kafukufuku wa mbali imeneyi akupitirirabe, koma aliyense wolonjeza lero kuti abweza theka lotayikalo mumufunse kawiri musanatulutse chikwama.

Wosadziwa kuti sakuona

Pali lina lofanana nalo pamaso koma losiyana m'kati, lotchedwa neglect, lomwe limabwera makamaka mbali yakumanja ya ubongo ikavulala. Wa hemianopia amadziwa kuti china chikusowa ndipo amatembenuka kuchifuna. Wa neglect mbali yakumanzere yachoka m'maganizo mwake momwe. Amameta tsaya limodzi, amadya ndiwo za mbali imodzi ya mbale n'kufunsa chifukwa chake mwamugawira zochepa. Mu 1978 Edoardo Bisiach ndi Claudio Luzzatti anapempha odwala awiri ku Milan kuti afotokoze pamtima bwalo lalikulu la mzinda wawo ngati aima mbali imodzi. Anatchula nyumba za kumanja zokha. Atauzidwa kuti aziyerekeza aima mbali inayo, anatchula zomwe anazisiya poyamba n'kuiwala zoyambazo.

Kumuuza munthu wotere kuti “yang'anani kumanzere” kumagwira mphindi imodzi yokha. Gulu la Leonard Diller ku New York m'zaka za m'ma 1970 linkajambula mzere wofiira wokhuthala kumanzere kwa tsamba n'kumuphunzitsa wodwala kuti asayambe mzere uliwonse asanaupeze wofiirawo. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka pano, ngakhale phindu lake limavuta kulitulutsa papepala kulifikitsa kukhitchini. Gadiyani amene wamvetsa kuti si mwano kapena misala wachita kale mbali yaikulu.

Za chizungulire tingodutsapo mwachidule. Zinthu zikamagwedezeka nthawi zonse mutu ukasuntha, masewera ake anayambira ku London m'zaka za m'ma 1940 ndi Terence Cawthorne ndi Harold Cooksey, ndipo lero amachitika chonchi: chilembo papepala patali ngati kutalika kwa mkono, maso pachilembo, mutu n'kumapukusa ngati ukukana, mofulumira mpaka pomwe chilembo chikuonekabe bwino. Khosi liyenera kukhala litayezedwa kaye. Koma ngati dziko limazungulira kwa masekondi ochepa potembenuka pabedi, nthawi zambiri ndi timiyala ta m'khutu tomwe tachoka pamalo pake ndi kugundako, ndipo wodziwa njira ya Epley amatibwezeretsa ndi kutembenuza mutu kwa mphindi zowerengeka.

Umboni ulipo wochuluka bwanji?

Wochepa kuposa momwe otsatsa malonda amanenera. Mu 2018 bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku yense woyesa mwachilungamo chithandizo cha kayendedwe ka maso ubongo ukavulala, linapeza zoyesa zisanu zokha, anthu onse pamodzi 116, ndipo linati umboniwo ndi wofooka. Pa hemianopia, kafukufuku waposachedwa wa gulu la Rowe wotchedwa SEARCH anapeza kuti ophunzitsidwa kuponya maso ndi opatsidwa masewera onamizira onse anapezako bwino mofanana. Ine ndimawerenga zimenezi motere: mbali ina ya phindu imachokera kungoti munthu wayezedwa, wauzidwa dzina la vuto lake, ndipo wayamba kulisamala tsiku lililonse. Zimenezo si zochepa, komanso sizifuna makina a madola zikwizikwi. Chingwe, mikanda, tepi ndi rula n'zotchipa ndipo sizivulaza zikagwiritsidwa pavuto loyenera. Chodula ndi munthu wodziwa kusiyanitsa mavutowo.

Kwathu kuno odwala otere sasowa. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, wotsogozedwa ndi Laura Benjamin ndipo wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti kuthamanga kwa magazi ndi HIV ndi zomwe zikutsogola pobweretsa sitiroko, kutanthauza kuti ambiri ogwidwa ndi a msinkhu wogwira ntchito. Onjezani njinga zamoto zonyamula anthu opanda helemeti. Ku Britain ntchito yoyeza kayendedwe ka maso ili ndi eni ake otchedwa orthoptist. Kuno imagwera a mafizo, monga a ku Kachere Rehabilitation Centre, ndi oyeza maso ophunzira ku Mzuzu University, ndipo mbali ziwirizi wodwala amazipeza m'makomo osiyana. Wa mafizo maso ake ali pa mwendo ndi mkono, woyeza maso ali pa tchati. Choncho nthawi zambiri zimatengera gadiyani kutchula yekha: akuona ziwiri, akugunda zitseko mbali imodzi, sakumaliza mzere. Mungathenso kupempha kuti amuyeze zinthu zitatu zosafuna makina: kutsatira chala mbali zonse, kuyandikiza cholembera kumphuno, ndi kuwerenga zala m'mbali diso limodzi litatsekedwa.

Funso lomaliza lomwe mnyamata uja adzafunse ndi loti abwerera liti panjinga, poti ndi pomwe pamachokera chakudya. Ku Britain lamulo limafuna kuti woyendetsa galimoto aziona madigiri osachepera 120 m'lifupi, ndipo wa hemianopia kapena woona ziwiriziwiri amayenera kudziwitsa a DVLA, bungwe lopereka malayisensi oyendetsera galimoto. Ngati vuto lake ndi la kupendeketsa maso pafupi, chizungulire chitatha, njinga akhoza kuibwerera. Ngati theka lakumanzere linapita, ngakhale ataphunzira kuponya maso mwaluso chotani, mwana wothamangira mumsewu kuchokera kumbaliko adzamuona pokhapokha ngati pamphindi imeneyo maso ake anali ataloza komweko.